Mapu Akamatsalira M'mbuyo: Phunziro la ku Kraaifontein kwa Alangizi a Zaulimi

Mlangizi wa zaulimi amaudziwa munda ndi mapazi ake, pamene wokonza mapulani a mzinda amaudziwa papepala. Anthu awiriwa sakumana kawirikawiri, koma zimene wa mapulani alemba ndizo zimagamula ngati dimba limene mlangizi amayendera lidzakhalapobe zaka khumi zikubwerazi. Phunziro lino likufotokoza za ntchito ya okonza mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo m'tauni ya Kraaifontein ku South Africa, mavuto amene amakumana nawo, ndi m'mene zida za kompyuta zawathandizira. Derali lasankhidwa chifukwa zochitika kumeneko sizikusiyana kwenikweni ndi zimene alangizi akuona m'mphepete mwa Lilongwe, Lusaka, Chipata, Tete ndi Lichinga, kumene nyumba zikudya minda chaka ndi chaka.

Malo ake

Kraaifontein ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumpoto chakum'mawa kwa pakati pa mzinda wa Cape Town, pa mseu waukulu wa N1 wopita ku Paarl. Dzinali ndi la Chiafrikaans ndipo limatanthauza kasupe wa akhwangwala. Kalembera wa 2011 anapeza anthu 154,615 m'tauniyi. Mu 1996 inaikidwa pansi pa khonsolo ya Oostenberg, ndipo mu Disembala 2000 makhonsolo onse a derali anaphatikizidwa kukhala khonsolo imodzi ya City of Cape Town. Mzinda wonsewo unali ndi anthu 3.7 miliyoni mu 2011, koma pofika 2022 anali atapyola 4.7 miliyoni. Anthu miliyoni imodzi oonjezerekawo anafunika pogona, ndipo ambiri anapapeza m'mphepete mwa mzinda.

Kraaifontein ali m'mphepete momwemo. Mbali ina kuli nyumba zothithikana za ku Scottsdene, Wallacedene ndi Bloekombos. Mbali ina kuli timafamu ta ku Joostenbergvlakte, minda ya ndiwo zamasamba, ndi minda ya mphesa ya m'mapiri a Bottelary polowera ku Stellenbosch. Nthaka yambiri ndi ya mchenga. Mvula imagwa m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, pamene kwa alangizi a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kuli kouma. Pa nthawi imeneyo madzi a pansi pa nthaka amakwera, kotero kuti malo amene amaoneka ouma bwino mu Januwale amasanduka dambo mu Julayi. Mfundo imeneyi ibweranso kutsogoloku, chifukwa yasocheretsa omanga zisakasa ndi oona zithunzi omwe.

Pofuna kupeputsa ntchito, khonsolo inagawa mzinda m'zigawo zisanu ndi zitatu za mapulani. Ofesi ya chigawo cha kumpoto, chotchedwa Northern District, ili ku Kraaifontein komweko.

Mlandu umene unasintha ntchito ya mapulani

Dzina la Wallacedene likudziwika ndi ophunzira malamulo m'maiko ambiri kaamba ka Mayi Irene Grootboom. Iwo pamodzi ndi anzao ankakhala m'zisakasa pa malo odikha madzi, pafupi ndi mseu waukulu, popanda zimbudzi zoyenera kapena ochotsa zinyalala. Ambiri anali atalembetsa kukhonsolo kuti alandire nyumba zotsika mtengo, ndipo ena anali atadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Chakumapeto kwa 1998 anasamukira pa malo a munthu wina amene anali ataikidwa kale pa mapulani kuti padzamangidwe nyumba zotsika mtengo, ndipo anawatcha New Rust. Mu Meyi 1999, mvula ya dzinja la kumeneko ikuyamba, anathamangitsidwa ndipo zisakasa zao zinagumulidwa. Anakabisala pa bwalo la masewera la Wallacedene atafunda mapulasitiki. Onse analipo 900: akuluakulu 390 ndi ana 510.

Pa 4 Okotobala 2000 bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula, kudzera mwa woweruza Zak Yacoob, kuti ndondomeko ya boma ya nyumba inali yoperewera. Bwalolo silinanene kuti boma linalibe mapulani. Mapulani analipo, ndipo anali abwino poona za kutsogolo. Cholakwika chinali chakuti sanaganizire anthu amene alibe pogona lero. Mu 2004 boma linakhazikitsa ndondomeko ya nyumba za pangozi ndi ina yotukula midzi yomangidwa mosatsata mapulani pamalo pomwe ili. Mayi Grootboom anamwalira mu 2008 akukhalabe m'chisakasa.

Kwa wokonza mapulani, chigamulochi chinabweretsa ntchito yatsopano. Sikunali kokwaniranso kujambula m'mene tauni idzakhalire zaka makumi awiri zikubwerazi. Panafunika kudziwa amene ali pamalopo sabata ino, kuchuluka kwao, ndi kuti akupondapowo ndi potani.

Mavuto a okonza mapulani

Lamulo lalikulu la mapulani ku South Africa ndi Spatial Planning and Land Use Management Act la 2013, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2015. Limalamula khonsolo iliyonse kukhala ndi pulani yaikulu yosonyeza kumene mzinda ukulire, ndiponso buku la malamulo losonyeza ntchito yololedwa pa malo aliwonse: pano nyumba, apa mafakitale, apo ulimi. Pulani yaikuluyo imaunikidwanso pakatha zaka zisanu. Cape Town inavomereza ina mu 2018, ndipo mu 2023 inavomereza yatsopano pamodzi ndi mapulani a zigawo zisanu ndi zitatu zija.

Vuto loyamba lagona pa zaka zisanuzo. Pulani imayenda ndi misonkhano, pamene chisakasa chimamangidwa usiku umodzi. Izi zinaonekera poyera mu 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19. Anthu ambiri atachotsedwa ntchito analephera kulipira lendi m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za eni, ndipo anakazika mitengo pa malo aliwonse oyera. M'miyezi yochepa mzinda wa Cape Town unali ndi midzi yatsopano yambiri. Ku Kraaifontein, mu Ogasiti 2020, ngakhale bwalo la mpikisano wa magalimoto la Tygerberg Raceway linadzaza zisakasa. Pa mapu a muofesi malo amenewa anali akadalembedwa ntchito zao zakale. Tsono khonsolo singaike mpope kapena chimbudzi pa mudzi umene mapepala ake sakuudziwa, ndipo pamene malowo ndi a munthu wamba kapena ndi dambo, malamulo amaimanga manja kwambiri.

Vuto lachiwiri ndi lakuti zofunika kudziwa pa malo amodzi zimasungidwa m'maofesi osiyana. Malire a mapoloti ali kwa oyeza malo, umwini uli ku ofesi ya zikalata, mapaipi ali kwa a madzi, ndipo mtundu wa nthaka uli kwa a zaulimi. Ulamuliro nawonso ndi wogawikana. Lamulo la Subdivision of Agricultural Land Act la 1970 linaletsa kuduladula famu popanda chilolezo cha nduna ya zaulimi ya dziko lonse, ndipo lamulo lina la 2024 linakonzedwa kuti lilowe m'malo mwake. Choncho famu imodzi ya m'mphepete mwa tauni imakhudza khonsolo, boma la chigawo cha Western Cape, ndi boma lalikulu, aliyense ndi mapepala ake.

Vuto lachitatu silingathe ndi kompyuta, koma ndi lofunika kulitchula. Nthaka yosalala, ya pafupi ndi mseu ndi madzi, imene ili yabwino kulima kabichi, ndiyonso yotsika mtengo kumangapo nyumba. Wofuna nyumba ali ndi chifukwa chomveka, mlimi nayenso ali nacho. Wina ayenera kuluza, ndipo kawirikawiri amaluza ndi amene sanalembedwe.

Zimene zida za makono zachita

Mu 2014 khonsolo ya Cape Town inayamba kulandira mapempho a mapulani a nyumba ndi osintha ntchito ya malo kudzera pa kompyuta, pa ndondomeko yotchedwa Development Application Management System. Wopempha amatumiza mapepala ake pa intaneti ndipo amaona pamene afika. Maofesi onse oyenera kupereka ndemanga amaona fayilo imodzi nthawi imodzi, m'malo moti iyende desiki ndi desiki. Phindu lake ndi loonekeratu: fayilo sisowa, ndipo amene akuichedwetsa amadziwika. Komabe chida chimenechi chimathandiza okhawo amene amapempha chilolezo. Wa chisakasa ndi woweta nkhumba kuseri kwa Bloekombos sapempha.

Chida chimene chasintha zinthu kwambiri ndi mapu osanjikizana a pa kompyuta. Ganizo lake ndi losavuta. Mapu a malire, a nthaka, a mitsinje ndi madambo, a mapaipi, ndi chithunzi chojambulidwa m'mwamba amaikidwa limodzi pamwamba pa linzake ngati mapepala oonekera, kotero kuti munthu akaloza malo amodzi amaona zonse za pamenepo. Khonsolo ili ndi mapu otere amene aliyense angathe kutsegula pa intaneti, ndipo kuyambira 2015 imagawa ulere zambiri mwa zimene imasunga. Kuyerekeza zithunzi za m'mwamba za zaka ziwiri zotsatizana kumasonyeza madenga atsopano ndi minda imene yasowa, ntchito imene kale inkatenga miyezi ya kuyenda pansi.

Alangizi achite chidwi makamaka ndi zida ziwiri zochokera ku dipatimenti ya zaulimi ya Western Cape, imene likulu lake lili ku Elsenburg, kufupi ndi Kraaifontein polowera ku Stellenbosch. Choyamba ndi CapeFarmMapper, mapu aulere a pa intaneti osonyeza malire a mafamu, mitundu ya nthaka, mvula, kutsetsereka kwa malo ndi mbeu zolimidwa. Mbeuzo zinawerengedwa ndi anthu ouluka pa ndege pamwamba pa minda, mu 2013 ndiponso mu 2017. Munthu atha kujambulapo malire a munda ndi kupeza kukula kwake pomwepo. Ubwino wake waukulu ndi wakuti wa mapulani, mlimi ndi womanga nyumba amatsutsana akuyang'ana mapu amodzi. Chachiwiri ndi FruitLook, chimene chimagwiritsa ntchito zithunzi za setilaiti kuuza mlimi sabata ndi sabata m'mene mbeu zake zikukulira ndi madzi amene zikumwa. Kufunika kwa kudziwa zimenezi kunaonekera pa chilala cha 2015 mpaka 2018, pamene anthu a mumzinda anauzidwa, kuyambira pa 1 Febuluwale 2018, kuti asapyole malita 50 pa munthu patsiku, ndipo madzi a ulimi wothirira anadulidwa kwambiri.

Wina anganene kuti zimenezi ndi za dziko lolemera. Zaka makumi atatu zapitazo akanalondola, koma lero sizili choncho kwenikweni. Zithunzi za setilaiti ya Landsat zakhala zaulere kuyambira 2008. Za Sentinel-2, imene inayamba mu 2015, ndi zaulerenso, ndipo malo amodzi amajambulidwa pafupifupi masiku asanu aliwonse. Pulogalamu ya QGIS yosanjikizira mapu sigulidwa. Mu 2021 bungwe la mapu la ku Britain, Ordnance Survey, linagwiritsa ntchito makina ophunzitsidwa kuzindikira madenga pojambula mapu a Lusaka kuchokera ku zithunzi za m'mwamba, ndipo chaka chomwecho Google inatulutsa mapu a nyumba zoposa 500 miliyoni za mu Africa. Ku Malawi kuli nkhokwe ya mapu ya MASDAP. Mu 2017 ku Kasungu kunatsegulidwa malo oyesera tindege topanda woyendetsa, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba ku Lilongwe. Chosowa m'maboma ambiri masiku ano si zithunzi, koma munthu wophunzitsidwa, magetsi odalirika, ndi mpata woti akhale pansi n'kuziyang'ana.

Zimene chithunzi sichiona

Apa ndi pamene mlangizi ayenera kutchera khutu. Kadontho kamodzi pa chithunzi cha Sentinel-2 kamaimira malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Hekitala imodzi ndi timadontho 100. Dimba la mamita 20 ndi 25 ndi timadontho tisanu tokha, ndipo khola la nkhumba la mamita atatu ndi anayi silikwana ngakhale kadontho kamodzi. Munda wa mphesa wa mahekitala 40 umaoneka bwino lomwe, ndi mizere yake pa zithunzi za ndege. Dimba la mayi wa ku Wallacedene limaoneka ngati udzu. Msipu umene mbuzi zimadya tsiku ndi tsiku umaoneka ngati thengo lopanda mwini. Pa tebulo la mapulani, malo ooneka opanda kanthu ndi amene amayamba kugawidwa.

Khonsolo ya Cape Town inavomereza ndondomeko ya ulimi wa m'tauni mu 2007, kusonyeza kuti alimi otere ikuwadziwa. Koma kuwadziwa pa ndondomeko ndi kwina, kuwaika pa mapu ndi kwinanso. Kuopsa kosadziwa kumene kuli makola kunaoneka mu 2021, pamene chigodola cha nkhumba chinabuka pakati pa alimi ang'onoang'ono ku Mfuleni, mbali ina ya mzindawu. Alangizi a ziweto a ku Mchinji, Chipata ndi Angónia akuidziwa bwino nthenda imeneyi: ilibe mankhwala, ndipo njira yoiletsa ndi kudziwa msanga makola oyandikana ndi kuletsa kuyenda kwa nkhumba. Makola osalembedwa amachedwetsa zonsezi.

Chithunzi chimanamizanso pa nyengo. Oyendetsa ndege zojambula amakonda thambo loyera, ndipo ku Cape Town thambo limayera m'chilimwe, madambo atauma. Akale anati madzi saiwala khwawa. Wokhala pamalopo amadziwa pamene madzi amafika mu Julayi, koma chithunzi cha Januwale sichinena. Nkhani ya madzi a pansi inafika mpaka kubwalo la milandu pa za Philippi Horticultural Area, dera la minda ya ndiwo zamasamba la mahekitala pafupifupi 3,000 kum'mwera kwa mzindawu. Mu Febuluwale 2020 bwalo lalikulu la Western Cape linabweza chilolezo chomanga nyumba pa gawo lina la derali kuti chikaunikidwenso, chifukwa akuluakulu sanaganizire mokwanira za madzi a pansi pa nthaka ndi kusintha kwa nyengo. Alimi ndi owathandiza anamveka pa mlanduwo chifukwa anabwera ndi umboni wolembedwa.

Njira imene yathandiza kutseka mpata umenewu ndi yakuti eni mudzi adziwerenge okha. Mabungwe a anthu okhala m'zisakasa, ogwirizana mu Slum Dwellers International imene likulu lake lili ku Cape Town, amalemba nambala pa chitseko chilichonse, kufunsa banja lililonse, ndi kujambula mapu a mudzi wao, kenaka n'kupita nawo kukhonsolo. Ku Mtshini Wam, ku Milnerton, kalembera wotere anathandiza mu 2012 kusuntha zisakasa kuti papezeke njira za magalimoto a ozimitsa moto ndi ngalande, ndipo mu 2013 khonsolo inavomereza njirayo ngati ndondomeko yake. Ku Malawi ntchito yofanana imachitika ndi thandizo la CCODE, ndipo ku Zambia ndi People's Process on Housing and Poverty in Zambia. Kale ankalemba m'makope. Lero amalemba pa foni ndi mapulogalamu aulere monga KoboToolbox ndi ODK.

Pali chenjezo limodzi losafunika kulinyozera. Mapu amene amabweretsa mpope angathenso kubweretsa ogumula. Anthu amene anaonapo zisakasa zikugwetsedwa sayankha mafunso a mlendo wonyamula foni, ndipo sakulakwa. Choncho asanalembedwe ayenera kuuzidwa momveka amene adzaone zolembedwazo ndi cholinga chake. Malamulo oteteza zinsinsi za anthu alipo tsopano: la South Africa linayamba kugwira ntchito mu 2020, la Zambia ndi la 2021, la Malawi ndi la 2024. Maina ndi manambala a foni asungidwe padera. Ku mapu opita kukhonsolo kupite malo ndi ntchito yake basi.

Gawo la mlangizi

M'maiko a owerenga kalata ino malamulo atsegula khomo. Ku Malawi lamulo la Physical Planning Act la 2016 linaika dziko lonse, midzi yomwe, pansi pa mapulani, ndipo Customary Land Act la chaka chomwecho linakhazikitsa makomiti a malo kwa mafumu aakulu a midzi. Ku Zambia lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 limafuna kuti khonsolo iliyonse ikhale ndi pulani ya dera lake lonse, ndipo ku Chipata ndi ku Petauke mabungwe a District Land Alliance alembapo kale minda ya anthu m'madera a mafumu pogwiritsa ntchito mafoni. Ku Mozambique lamulo la malo la 1997 limavomereza ufulu wa munthu amene walima pamalo mokhulupirika kwa zaka khumi, ngakhale alibe chikalata. Koma ufulu wotere umafuna umboni, ndipo wogwira ntchito m'boma amene amafika pa dimba mwezi ndi mwezi ndi mlangizi, osati wa mapulani.

Ntchito yake si yaikulu monga ikumvekera. Poyendera alimi, mlangizi alembe pa foni malo a dimba, chitsime, dibi, msipu ndi njira ya ng'ombe yopita kumadzi, pamodzi ndi tsiku, mbeu kapena ziweto zimene zilipo, ndi chiwerengero cha mabanja odalira malowo. Malo odikha madzi alembedwe mvula ili pakati, ndi chithunzi chosonyeza pamene madzi alekezera. Adziwenso malire a chida chake: foni wamba imaphonya ndi mamita pafupifupi asanu, ndipo pansi pa mitengo imaphonya koposa. Pa munda wa mahekitala asanu kuphonya kumeneku ndi kochepa, koma pa dimba la mamita 20 ndi 25 kungathe kulowetsa mzere wa anyezi m'munda wa mnansi. Zolemba za mlangizi ndi zosonyeza kuti pamalopo pali ulimi. Si zogamulira mikangano ya malire, imene ndi ya mafumu, makomiti a malo ndi oyeza malo.

Chotsala ndi kudziwa nthawi. Pulani iliyonse isanavomerezedwe imalengezedwa kuti anthu apereke ndemanga, ndipo masiku ake amakhala owerengeka. Mkulu wa zaulimi pa boma afunse ku ofesi ya mapulani chaka chimene pulani ya dera lake idzaunikidwenso, ndi mtundu wa fayilo umene kompyuta yao imalandira, kuti zolemba za alangizi a m'zigawo zonse zisonkhanitsidwe ndi kutumizidwa miyezi ingapo tsikulo lisanafike.